Kodi dambo limakoka mvula? Sabata imodzi ku Harare

Lolemba

Ndafika bwino. Basi inanyamuka ku Blantyre kusanache, n'kudzalowa mu Harare mdima utagwa kale. Pa Mwanza ndi pa Zobue sitinachedwe, koma ku Tete kunali moto. Amene anadutsako mwezi wa Okutobala akudziwa: mphepo yolowa pawindo imakuwamba kumaso ngati wayandikira uvuni wa njerwa. Tili pakati pa mlatho wa Zambezi kamphepo kanabwera kofewa, ndipo mayi amene tinakhala mpando umodzi anasiya kukupiza mwana wake. Titangotsika mlathowo moto uja unayambiranso mpaka pa Nyamapanda. Thukuta linayamba kuuma titadutsa Mutoko, chifukwa mzinda wa Harare uli pamtunda, pafupifupi mamita 1,500 kuchokera pa nyanja yamchere.

Chandibweretsa ndi chiliza cha agogo anga aamuna, amene anabwera kuno ndi Mthandizi, bungwe lolemba anthu ntchito, nthawi ya chitaganya ndipo sanabwererenso. Bambo anga anatumizidwa kumudzi ali mnyamata, azakhali anatsala kuno. Mwambo uliko Loweruka. Anansi awo a Chishona sachita miyambo yotere mwezi wa Novembala, ndiye azakhali akufuna zithe mwezi uno kuti aliyense abwere.

Palinso nkhani ina. Ndimaphunzitsa jogalafe ku Zomba, kufupi ndi nyanja ya Chilwa, ndipo kwa zaka zambiri ndakhala ndikuuza ana kuti dambo limakoka mvula, monga tinamvera kwa makolo. Msuweni wanga, chitsiriza cha azakhali, amaphunzira za nyengo pa yunivesite kuno. Tinatsutsana pa WhatsApp za mawu amenewa mpaka iye anati, "Asuweni, mukabwera ku chiliza mudzaone nokha."

Lachiwiri

Azakhali amakhala ku Mabvuku, chakum'mawa kwa mzinda. Kuno Chichewa sumachita kuchifunafuna. M'mawa pamjigo ndamva agogo awiri akupatsana moni wa kwathu, kenako nkhani ikuyenda m'Chishona, kenako n'kubwereranso. Malamulo aakulu a dziko lino a 2013 amachiwerenga pa zinenero 16 zovomerezeka.

Mpopi m'nyumba ulimo koma ndi wouma. Tinapita kumjigo ndi zigubu zinayi pa wilibala, ndipo pobwerera azakhali anaima n'kuloza ndi ndodo yawo.

"Mwana wa achimwene, ukuona nyumba izo? Pamenepo panali dambo. Ngakhale mu Seputembala unkati ukafukula ndi dzanja madzi ankatuluka. Agogo ako anali ndi dimba pamenepo. Anthu analikwirira dambolo, ndiye mvula nayo inakwiya."

Ndinayang'ana msuweni wanga. Sanayankhe kanthu, anangopitiriza kukankha wilibala.

Masana anandiperekeza ku Cleveland Dam, kumene kumayambira mtsinje wa Mukuvisi. Ndili pomwepo m'pamene ndinamvetsa mmene mzindawu unakhalira. Unamangidwa kumutu kwa mitsinje yake. Mukuvisi ndi Marimba zimatsika kuchokera m'mzindamu, madzi ake n'kukathera mu nyanja ya Chivero, damu limene linamangidwa mu 1952 pa mtsinje wa Manyame, ndipo kumeneko n'kumene amapopa madzi kuwabwezera kumtunda kuti anthu amwe. Zimene mzinda wataya zimatsikira komwe umatunga. Pakati pa ziwirizi pali madambo, amene amagwira madzi a dzinja, kuwasefa, n'kumawatulutsa pang'onopang'ono m'chilimwe.

Chinandisangalatsa lero ndi ichi: m'mabuku a sayansi a Chingerezi malo amenewa amawalemba kuti dambo, liwu lathu lomweli. Kuno azungu ankati vlei, a Chishona amati bani kapena matoro, koma akatswiri anasankha lathu.

Lachitatu

Lero ndi tsiku limene ndinkalidikira, ndipo ndilemba zambiri.

Tinakhala pakhonde, kompyuta ili pa kampando. Msuweni anandionetsa mapu a Africa atadulidwadulidwa timabokosi ngati tsamba la kope la masamu. M'kabokosi kalikonse muli manambala: kutentha, chinyezi, liwiro ndi mbali ya mphepo, mtundu wa dothi ndi zomera zake. Pamwamba pa kabokosiko pali timabokosi tina ta mpweya tosanjikizana mpaka kumwamba kwa mitambo. Kompyuta imawerengera, mphindi zingapo zilizonse, kuchuluka kwa kutentha ndi nthunzi zimene kabokosi kamodzi kapatsira anzake, ndipo imatero mpaka itakwanitsa zaka. Pulogalamu yotereyi amangoitcha model.

"Dambo lenileni simungaliumitse kuti muone chimene chichitike," iye anatero. "Koma la m'kompyuta mungaliumitse lero n'kulibwezera madzi mawa. Mumayendetsa kawiri, koyamba dambo lilipo, kachiwiri mutalisandutsa mtunda. Kusiyana kwake ndiyo ntchito ya dambolo."

Chitsanzo chake chinali Sudd, chidambo cha gumbwa cha ku South Sudan, kumene mtsinje wa White Nile umamwazika n'kutaya pafupifupi theka la madzi ake, ambiri mwa iwo akuuluka ngati nthunzi. Maiko a Egypt ndi Sudan anafuna kupulumutsa madziwo pokumba ngalande ya Jonglei yolambalala dambolo. Anayamba mu 1978. Pa makilomita 360 amene anakonza, anakumba pafupifupi 240, nkhondo yapachiweniweni n'kuimitsa ntchitoyo. Chimakina chokumbira chija chinatsala komweko m'tchire. Funso limene linatsala nalo ndi lomwe lija la azakhali: dambo likauma, mvula ya m'chigawocho siithawa?

Mu 2005 akatswiri a ku Sudan ndi ku Netherlands anayesa funsoli ndi model ya ku Netherlands yotchedwa RACMO. Anaumitsa Sudd yense m'kompyuta. Chimene chinatuluka n'chakuti mvula ya m'chigawo chonse cha Nile inasintha pang'ono kwambiri, moti n'kovuta kukuona kusinthako. Koma pamalo penipeni pa dambolo, m'chilimwe, kutentha kunakwera ndi madigiri 4 mpaka 6, ndipo mpweya unauma kwambiri.

Ndinamufunsa kawiri ngati ndamva bwino. Chidambo chachikulu chonchi, osakoka mvula?

Anandilowetsa kukhitchini kumene azakhali anateleka madzi a nsima. Anati ndiganize za mphika umenewu. Kuti madzi awire sipatenga nthawi, koma kuti aphwe onse mphika n'kutsala wouma pamatha makala ambiri. Lita imodzi kuti isanduke nthunzi imadya moto woposa kasanu umene ungaitenthetse kuchoka pozizira ngati ayezi mpaka kuwira. Dzuwa likagwa pa dothi louma, mphamvu yake imatenthetsa dothi ndi mpweya. Likagwa pa dambo, gawo lalikulu limathera pa kuulutsa madzi kudzera m'matope ndi m'masamba, ndiye malowo amakhala ozizirirapo. Apa ndinagwirizana naye msanga. Mwana aliyense woweta ng'ombe amadziwa kumene amathawira masana.

Za mvula ndiye zinandivuta kumeza. Iye anati nthunzi ikakwera siigwa pomwepo. Imakhala mumlengalenga masiku pafupifupi 9, ndipo m'masiku amenewo mphepo imakhala itaitengera kutali. Komanso nthunzi ya dambo limodzi ndi yochepa poyerekeza ndi imene imachokera ku nyanja zamchere ndi ku nkhalango za Congo. Anandikumbutsa zimene a zanyengo amanena pa wailesi kwathu, kuti mvula ikubwera ndi mphepo yochokera ku Congo. Sanenapo kuti ikuchokera ku Chilwa. China n'chakuti nthawi imene dambo limasiyana kwambiri ndi mtunda ndi chilimwe, pamene kumwamba sikunakonzeke kupanga mvula. Dzinja likafika dothi lonse limanyowa, munda ndi tchire zonse zimatulutsa nthunzi, ndipo dambo limafanana ndi anansi ake.

Ndamuyamikira mwanayu chifukwa sanabise za mbali inayo. Anati yankho la Sudd si la dziko lonse. Ku Florida, ku America, kumene anaumitsa madambo aakulu kuti alime ndi kumanga, ma model anasonyeza kuti mvula ya nyengo yotentha inatsika ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi, masana kunatentha kuposa kale, ndipo usiku wa nyengo yozizira chisanu chinayamba kuwononga mbewu kwambiri, poti madzi amene ankasunga kutentha kwa masana kunalibenso. Dziko lija ndi lopapatiza, lili pakati pa nyanja ziwiri, ndipo mvula yake imadalira mphepo zokumana pamtunda. Choncho zimatengera kukula kwa dambo, malo ake, ndi kumene mvula ya kumeneko imachokera.

Usiku uno tulo tachedwa. Ndikuganiza za ana amene ndinawalembetsa m'makope mawu aja.

Lachinayi

Tinakwera kombi ziwiri kupita ku Monavale, dambo limene lili m'kati mwa mzinda, m'mbali mwa Marimba. Lili pa mndandanda wa Ramsar, pangano la maiko loteteza madambo limene linasainidwa ku Iran mu 1971. Zimbabwe inalowa m'panganoli mu 2013 ndi malo 7, ndipo Monavale, Cleveland Dam ndi Chivero ali m'gulu limenelo. Msonkhano waukulu wa panganoli unachitikira m'dziko muno, ku Victoria Falls, mu Julayi 2025. Kwathu tili ndi malo awiri, Chilwa ndi Elephant Marsh ku Shire ya kumunsi.

Munthu wongodutsa pamsewu sangadziwe kuti pano pali kanthu. Nyengo ino ndi chigwa cha udzu wouma, malo ena opserera, opanda mitengo, opanda madzi ooneka. N'chifukwa chake anthu amawaona ngati mapuloti ongokhala. Koma ndinagwada n'kulowetsa chala m'mng'alu wa dothi. Ndi makande enieni, akuda, ngati a kwathu, ndipo pansi pake panali pozizira. Tinafika dzuwa lisanakwere, ndipo titatsika kuchoka pa phula kulowa m'udzumo ndinamva kuzizira m'miyendo. Msuweni anati kuzizira kwa m'mawa kotere n'kwa mtundu wina: mpweya wozizira ndi wolemera, usiku umatsetsereka n'kukadikha m'zigwa. N'chifukwa chake mu Juni ndi Julayi chisanu cha kuno chimayambira m'madambo.

Tinakhala pa chulu, ndipo anandiuza chinthu chimene chinandibwezera mtima. Ku Mali mtsinje wa Niger umasefukira chaka ndi chaka n'kupanga chidambo pakati pa dziko louma. Akatswiri a ku Britain, motsogozedwa ndi Christopher Taylor, anaunika zithunzi za setilaiti za zaka zambiri n'kupeza kuti dambolo likadzaza, mitambo ya mabingu imabadwa kawirikawiri m'mphepete mwake. Masana mpweya wa pamtunda umatentha n'kukwera, wa padambo wozizira uja umathamangira kumtunda, ndipo pamene ziwirizi zakumana mpweya umakankhidwira m'mwamba, mtambo n'kuyamba. Pamwamba penipeni pa madzi masana pamakonda kukhala poyera. Mtambo wobadwira m'mphepetewo mphepo imautenga, n'kukagwetsa mvula kwa anthu amene dambolo sanalionepo.

Ndiye makolo athu anaona chinthu chenicheni. Dambo silipanga mvula ya dziko, koma lalikulu limatha kusankha pamene mtambo uyambire. Asodzi a ku Nyanja ya Malawi amachidziwa mwa njira yawo: masana kamphepo kamachoka panyanja kupita kumtunda, usiku kamabwerera.

Ndinafunsa kuti nanga Monavale weniweniyu, model imati chiyani za iye. Apa nkhope yake inagwa. Dambo limeneli ndi la mahekitala pafupifupi 500, kutanthauza masikweya kilomita asanu. Ma model ambiri a nyengo ya Africa akhala akugwiritsa ntchito timabokosi ta makilomita 50 mbali iliyonse, masikweya kilomita 2,500 kabokosi kamodzi. Chilwa yense ndi madambo ake, mahekitala 224,800, sadzaza ngakhale kabokosi kamodzi kotere. A zanyengo a ku Britain anayendetsa model ya Africa yense ya timabokosi ta makilomita 4.5, imene imatha kupanga mitambo ya mabingu payokha, koma ngakhale kabokosi kameneko n'kokulirapo kanayi kuposa Monavale.

Izi zandipweteka kuposa za dzulo. Madambo athu ndi ang'onoang'ono koma ndi ochuluka, mudzi uliwonse uli ndi lake, kuchokera ku Kasungu ndi Mchinji, kudutsa Zambia yense, mpaka kuno. Tikuwakwirira limodzilimodzi, ndipo palibe limodzi mwa iwo limene kompyuta ikuliona palokha. Amene amaoneka ndi akuluakulu okha, Sudd, Okavango, Bangweulu.

Pobwerera tinadutsa pamene ena atipula kale udzu kukonzekera kudzala chimanga. Sindingawatukwane. Chilala cha El Niño cha 2023 mpaka 2024 chinapangitsa Malawi, Zambia ndi Zimbabwe kulengeza ngozi, ndipo munthu amene anaona chimanga chake chikupserera kumtunda amathawira kumene kuli chinyezi. Amene ndimalephera kuwamvetsa ndi awo othira miyala ndi simenti, chifukwa dimba limatha kubwerera kukhala dambo, koma konkire ayi.

Lachisanu

Tsiku la ntchito. Tagula mbuzi, nkhuni ndi ufa, ndipo amayi a mvano a mpingo wa CCAP, umene uli ndi sinodi yake kuno ku Harare, abwera kudzathandiza.

Madzulo ndinakhala ndi abambo pansi pa mtengo wa mango. Mkulu wina wa mpingo, amene anachoka ku Machinga ali mnyamata, anandifunsa za kumudzi. Tinapeza kuti chimene kuno amati guti, kamvula kowaza kozizira kochokera kummwera chakum'mawa, ndi chiperoni chathu chija. Mvula imene ife timati chizimalupsa iwo amati bumharutsva. Kenako anafunsa za Chilwa, ngati ilipobe.

Ndikuwafotokozera m'pamene ndinadziyankha ndekha funso langa. Chilwa inaphwa mu 1968, inaphwanso mu 1995, ndipo mu 2018 ndinaona ndi maso anga mabwato atagona pa matope ong'aluka ku Kachulu. Chikanakhala kuti nyanja ndi madambo ake ndiwo amakoka mvula yake, ikanauma kamodzi basi osadzukanso. Koma mvula ya Malichi 2019, ya nyengo ya namondwe wa Idai amene kuno anawononga ku Chimanimani, inachokera ku nyanja yamchere n'kuidzazanso. Mvula ndiyo inabweretsa nyanja. Ndipo chimene ndimakumbukira cha 2018 ndi kutentha, fumbi la mchere lolowa m'maso, ndi ana a asodzi amene anasiya sukulu makolo awo atasamuka. N'zomwe zija model inaona ku Sudd, kungoti ine ndinaziona pakhungu.

Mkulu uja anamvetsera, kenako anati, "Aphunzitsi, nanga anthu mukawauza kuti dambo silikoka mvula, si ndiye alimaliza?"

Funso lake ndi lolemera, ndipo ndalisinkhasinkha. Ine ndikuona kuti chowopsa ndi kuteteza dambo ndi chifukwa chimene sichingaime. Tsiku limene munthu adzakwirire dambo mvula n'kugwa bwinobwino chaka chimenecho, adzati tinkanama, ndipo sadzamvanso zotsalazo, zimene zili zoona: kuti chitsime chidzaphwa msanga, kuti madzi a dzinja adzalowa m'nyumba poti alibe pokhala, kuti mudzi udzatentha. Mzinda uno unataya anthu ambiri ndi kolera mu 2008 ndi 2009, ndipo matendawo anabweranso mu 2018 ku Glen View ndi Budiriro. Nkhani ya madzi aukhondo payokha ndi yokwanira.

Loweruka

Chiliza tavundukula. Anthu anabwera ambiri, nyimbo zinali za Chichewa, ndipo azakhali analira pamene ndinathira pamandapo dothi limene bambo anandipatsa la kumudzi. Za lero sindilemba zambiri.

Pobwera kumanda mitambo inaunjikana chakumpoto, kunagunda kawiri, koma sikunagwe kanthu. Azakhali anagwira dzanja la mwana wawo.

"Iwe ndi makina ako, ukuti dambo la agogo ako silinkaitana mvula?"

"Amayi, mvula inkabwera yokha. Dambo linkaisunga kuti isatithawe."

Azakhali anayenda pang'ono ali chete. Kenako anati, "Ndiye n'chimodzimodzi. Mlendo wosapatsidwa mphasa sagona."

Lamulungu

Ndikulemba ndili m'basi. Usiku msuweni anandipatsa kabokosi, m'kati muli zoyezera kutentha ziwiri ndi choyezera mvula chimodzi. Akuti model iliyonse imafunika kuiyesa ndi manambala a pansi, ndipo a m'mphepete mwa madambo athu ndi osowa. Tagwirizana kuti choyezera chimodzi chikhale pasukulu, china kwa mlimi wa mpunga kumunsi kufupi ndi bango, ndipo ana a Fomu 3 azilemba m'mawa ndi masana tsiku lililonse. Ndiyamba ndi kuwauza kuti atsegule makope pa tsamba lija la madambo, tikonze mzere umodzi.

Azakhali andipatsira bambo chipewa chakale cha agogo. Chili m'chikwama pamodzi ndi kabokosi kaja.

Tadutsa Nyamapanda ndi Changara, ndipo kutentha kwayambiranso. Tikuyandikira Tete cha m'ma 2 koloko. Ndasinthana mpando ndi mnyamata wina kuti ndikhale pawindo. Kutsidya kuno kuli timitambo toyera tambirimbiri, kutsidya linalo nakonso, koma pamwamba pa Zambezi pali mpata woyera wotsata mtsinje mpaka kumene maso alekezera. Mnyamata uja wandifunsa chimene ndikujambula, ndipo ndayamba kumufotokozera.